Chisankho chinathera pa moto wa abambo ife tisanavote

Usiku wa pa siwa

Agogo anga obereka mayi anatisiya mu Ogasiti 2025, kampeni itafika pamponda chimera. Tinachoka ku Lilongwe masana kudzera ku Salima, minibasi ikuyendera mafuta a m'zigubu chifukwa kokamwetsa galimoto kunali mizere yosaoneka pothera. Tinatsika pa Benga kutada, n'kukwera kabaza wa njinga yamoto kulowera kwathu, mbali ya kwa Mwansambo ku Nkhotakota.

Amene munagonapo pa maliro a kumudzi mukudziwa m'mene zimakhalira. Amayi a Chigwirizano anali m'nyumba ya siwa kuimba, amayi ena kuseri pa mafuwa, abambo panja atazungulira chitsa cha moto, mwera ukuomba. Ine anandipatsa ntchito yoperekera tiyi, ndiye usiku wonse ndinkangoyenda pakati pa moto wa abambo ndi moto wa amayi. Chisankho chinachitika, wopambana analumbira kale, koma zimene ndinamva pa malo awiriwo sizikundichoka m'mutu.

Mapu a malume

Malume aakulu ndi mphunzitsi wopuma, wa Kongeresi chibadwire. Khadi la chipani la nthawi ya Kamuzu analisunga m'Baibulo mpaka pano. Ndimawalemekeza kwambiri, sukulu yanga ya sekondale analipira ndi iwo ndi ndalama za mtedza. Nkhani ya chisankho itayamba, anasolola kamtengo pa mulu wa nkhuni n'kujambula Malawi pa dothi, ndi nyanja yomwe.

"Chisankho cha dziko lino ndi masamu, si phokoso la pa wailesi," anatero. "Kalembera wa 2018 anati kumwera kuli anthu 44 pa 100 alionse, pakati pano 43, kumpoto 13. Tsono taonani kumweraku. Mutharika ali komweko, Atupele komweko, mayi Joyce Banda komweko, Kabambe, Nankhumwa, Usi, onse komweko. Anthu 44 aja awagawana. Pakati pano mwini wake ndi mmodzi, Chakwera. Lilongwe yathu, Dowa yathu, Kasungu, Mchinji, Dedza, Ntchisi, Salima, Nkhotakota ino. Kumpoto tatengako Vitumbiko Mumba wa ku Mzimba kukhala womutsatira. Mukufunanso chiyani?" Boma lililonse akalitchula ankalibaya ndi kamtengo kaja.

Msuweni wanga, amene amayendetsa lole ku Blantyre, sanadikire kuti amalize. Iye anati kumwera sikugawanika. Thyolo, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu n'kwa adadi a Mutharika, ndipo Mangochi ndi Machinga anthu aona kale kuti Atupele sangafike patali, ndiye sangataye voti. Kumpoto, Enoch Chihana wa AFORD wagwirana manja ndi DPP. Anatulutsa foni n'kuwerenga kafukufuku wa bungwe la IPOR la ku Zomba amene anali atangotuluka kumene: a Mutharika 43, a Chakwera 26.

"Ineyo anandifunsa?" anatero malume. "Pali amene anafunsidwa pano?" Abambo anaseka. Wina anaponyapo ya zaka, kuti munthu wa zaka 85 amene pa misonkhano sakuoneka pafupipafupi, angotuluka ku Mangochi mwa apo ndi apo, angayendetse bwanji dziko. Msuweni anati m'mimba mwa munthu simufunsa zaka za amene wabweretsa chimanga.

Panalinso mnyamata wa ku koleji, mdzukulu wa a mfumu, amene anali chete mpaka pamenepo. Iye anati onse awiri akuwerenga Malawi wa kale. Anthu opitirira theka m'dziko muno ndi osafika zaka 18, amene angoyamba kuvota ndi ochuluka, ndipo achinyamata alibe nazo ntchito za zigawo. Mu 2019 malemu Saulos Chilima anapeza mavoti opitirira 1 miliyoni, 20 pa 100 alionse, chipani chake cha UTM chisanathe ngakhale chaka. Anthu amenewo akadali ndi chilonda cha ngozi ya ndege ya ku Chikangawa ya pa 10 Juni 2024, ndipo apita kwa Dalitso Kabambe wa UTM. Palibe amene afike pa 50+1, anatero, kukhala chisankho chachibwereza, ndipo amene adzasankhe mtsogoleri ndi achinyamata.

Anakanganapo nthawi yaitali, mokoma ndithu, popanda kutukwanana. Aliyense anali ndi manambala ake, ndipo ambiri mwa manambalawo anali oona.

Funso limene ndinafunsa nditagwada

Ndinali nditagwada kuthira tiyi m'kapu ya malume pamene ndinalankhula. Pa moto wa abambo mkazi salowerera nkhani, koma zinandivuta kumeza.

"Malume, pepani ndilowerere. A bungwe loyendetsa zisankho la MEC akuti mwa anthu 7.2 miliyoni amene alembetsa, 57 pa 100 alionse ndi azimayi. Pa mapu anuwa azimayi mwawaika pati?"

Panakhala kaye chete. Kenako malume anayankha mofatsa, monga amayankhira mwana wa sukulu amene wafunsa zodziwikiratu. "Azakhali ako amavota komwe ndikuvota ine. Nyumba imodzi, tambala mmodzi. Ukawerenga bambo wawerenga banja lonse."

Msuweni, amene usiku wonse sanagwirizane ndi malume pa china chilichonse, anagwedeza mutu kuvomera. "Azimayi savuta. Nsalu, gule ndi ka K2,000 ka sopo, basi watenga."

Mnyamata wa ku koleji uja ndiye anandilasa kwambiri, chifukwa kwa iye ndinkayembekezera zina. "Kunena zoona achemwali, amene amationongera chisankho ndi azimayi a kumudzi omwewa. Amangochonga chimene anazolowera."

Anthu atatu, zipani zitatu, ndipo apa pokha ndi pamene anamvana. Malume anatseka nkhani ndi kuti kutsutsa galu n'kukumba, tidzaonana pa 16 Seputembala. Ndinatola ketulo n'kubwerera kuseri.

Kuseri, pa mafuwa

Azakhali, akazi a malume, anali akuvundula nsima ya adzukulu m'nkhali yaikulu. Ndinawauza zonse monga ndinazimvera. Sanaseke, sanapsenso mtima. Anapitiriza kuvundula mpaka nsima inalimba, anapereka mthiko kwa mtsikana wina, n'kukhala pansi pa mkeka.

"Mwana wanga, tiyi amene ukuperekayo waona shuga wake? Tachita kusonkherana timapepala ta pa kantini. Nzimbe zili pompa pa Dwangwa, koma paketi ya shuga kuti uipeze ndi mwayi."

Kenako anayamba kuwerenga, ndipo masamu awo anali olongosoka kuposa amene ndinasiya pa dothi paja. Chaka choyamba cha boma la mgwirizano wa Tonse la a Chakwera, anatero, anagula matumba awiri a feteleza pa K4,495 limodzi, monga analonjezera, ndipo nkhokwe inadzaza mpaka anagulitsako. Anavina chaka chimenecho ndi mtima wonse. Chaka chotsatira thumba linali K7,500. Kenako K15,000, ndipo mayina anayamba kusowa m'kaundula. Lawo linasowa. Zimene ankanenazo zikugwirizana ndi zimene boma lenilenilo linkalengeza: opindula ndi AIP, ndondomeko ya boma ya feteleza wotsika mtengo, anali opitirira 3 miliyoni poyamba, pofika 2023/24 anatsala 1.5 miliyoni. Feteleza wa m'sitolo sanamuyandikire n'komwe. Anagulitsa mbuzi ziwiri n'kugula wa pa ndowa, wothira ndi kachitsekero ka botolo.

"Malume ako amawerenga maboma. Ine ndimawerenga miyezi imene chimanga chatsalacho chitifikitse. Chaka chino chithera mu Novembala. Anati tidzadya katatu. Ine sindikufuna katatu, kawiri kokha koma kosadumphitsa."

Ndinkaganiza kuti amayi onse avomera, koma mayi aakulu, achemwali awo a mayi anga, anawadula. Iwo anati munthu asaiwale msanga chonchi. Namondwe Freddy wa 2023 anabwera ndi Chakwera? Ng'amba ya chaka chatha anaitana ndi Chakwera? Nkhondo ya ku Ukraine imene inakweza feteleza dziko lonse lapansi? Msewu wa M5 si uwu akuukonzawu? Ndipo anatsitsa mawu n'kutchula Msundwe. Mwana wawo anakwatiwa cha ku Mpingu, ndipo zimene apolisi anachita kwa azimayi a kumeneko mu Okutobala 2019, zimene khoti linadzalamula kuti azimayi 18 apepesedwe, iwo anazimva kwa anthu amene anaziona. "Boma linali la ndani nthawi imeneyo? Ndipo chisankho cha tipeksi chija, amene anali wapampando wa MEC si mayi Jane Ansah omwe aima nawo panowa? Ine njala ndikuimva, koma dzanja langa silingapite kumeneko."

Mayi wina wamasiye, woyandikana nafe nyumba, anati iye sapita n'komwe. Anavota mu 1994, mu 1999, ulendo uliwonse, ndipo denga lake likadali la udzu lomwe lija. Mtsikana amene anatenga mthiko uja, wa mwana kumbuyo, anati iye apita m'mamawa ndithu, chifukwa mwana atadwala malungo ku chipatala anangomulembera dzina la mankhwala kuti akagule, ndipo ndalama inali ya mbewu. Mbereko yake inali nsalu ya buluu ya chimanga, m'chiuno atamanga ya tambala wakuda. Wina atamuloza, anangoti zonse anapatsidwa ndipo zonse zimafunda.

Anatsutsana kwambiri kuposa abambo. Mayi aakulu ndi azakhali anafika pokwezerana mawu mpaka wina anatuluka m'nyumba ya siwa kudzawakumbutsa kuti tili pa maliro. Koma pa nthawi yonseyo sindinamve aliyense akunena kuti ife ndife Achewa, kapena kuti uyu ndi wakwathu. Ankakangana za mitengo ya zinthu, za amene anachita chiyani, za chimene munthu angakhululuke ndi chimene sangakhululuke.

Zitazizira, azakhali ananena mawu amene ndakhala nawo mpaka lero. "Chikwatirane, malume ako sanandifunsepo kuti ndachonga pati. Ndikatuluka amangoona inki pa chala, basi amati tavota. Koma m'kachipinda muja ndimalowamo ndekha."

Sananene kuti avotera ndani, ndipo palibe anawafunsa.

Zimene zinatuluka

Zotsatira mukuzidziwa. Pa 24 Seputembala, a Chakwera analankhula ku mtundu kuvomera kuti agonja, ndipo madzulo ake wapampando wa MEC, Justice Annabel Mtalimanja, analengeza kuti a Peter Mutharika apeza 56.8 pa 100 alionse, a Chakwera 33. Chachibwereza sichinafunike. A Kabambe anathera cha pa 4. Atupele Muluzi ndi mayi Joyce Banda, aliyense sanafike pa 2. Anthu anatuluka mwaunyinji, pafupifupi 76 pa 100 alionse amene analembetsa.

Mwa maboma amene malume anabaya ndi kamtengo, Nkhotakota yathu yomweyi inapita kwa a Mutharika. Mzinda wa Lilongwe nawonso. Kumpoto, kumene mu 2020 kunavotera Tonse ndi mtima wonse, kunatembenuka kwambiri.

Chimene chimandigwira mtima ndi kuyerekeza zisankho ziwirizi. Pa 23 Juni 2020 a Chakwera anapeza mavoti 2.6 miliyoni, a Mutharika 1.75 miliyoni. Patangotha zaka zisanu, a Mutharika anapitirira 3 miliyoni, a Chakwera anatsikira pansi pa 1.8 miliyoni. Anthu awiri omwewo, dziko lomwelo. Pa zaka zisanuzo palibe Mchewa anasanduka Mlomwe, palibe boma linasamuka chigawo. Chimene chinasintha ndi Kwacha imene inagwetsedwa ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022 ndi 44 mu Novembala 2023, mizere ya mafuta, ndalama zakunja zosowa, mavenda a kaunjika amene anaguba mpaka ku Nyumba ya Malamulo mu Febuluwale 2025 chifukwa belo linali litakwera mosagwirika, ndi mgwirizano wa zipani zisanu ndi zinayi umene unaphwasuka. Anthu amene analonjezedwa Kenani ankanena poyera m'maminibasi kuti afika ku Bagamoyo.

Ndinawaimbira malume patapita masiku. Anati mavoti anabedwa. Kenako anati anthu a ku nyanja ndi amene anagulitsa boma lathu, a kumtunda kuno anavota bwino. Ndinawafunsa ngati anacheza ndi azakhali za nkhaniyi. Anati palibe chochezera, nyumba yawo amaidziwa.

Malume sananame pa zonse

Sindikufuna kuti wina awerenge izi n'kumati za zigawo zinatha. Sizinathe. Dowa, Ntchisi ndi Lilongwe ya kumudzi zinakhalabe ndi a Chakwera ngakhale zinthu zinali zitathina chonchija. Thyolo, Mulanje ndi Phalombe zinapereka kwa a Mutharika mavoti ochuluka zedi, monga zinachitira mu 2014, komanso mu 2019 ndi 2020 pa nthawi imene dziko lonse linkaguba m'misewu kuwatsutsa. Ndipo taonani ichi: mu 1994 a Bakili Muluzi anapeza 47, Kamuzu 33, Chakufwa Chihana 19, aliyense kudalira kwawo. Patatha zaka 31, Kongeresi yagwa n'kuimanso pa 33 pomwe paja. Pali anthu amene sasuntha, ndipo malume anga ndi mmodzi mwa iwo.

Kusasunthako kuli ndi zifukwa zake, si umbuli ayi. Tonse taona boma likalowa, maudindo akuluakulu, makontilakiti ndi misewu zikuyamba kupendekera kwawo kwa mtsogoleri. Mu nthawi ya DPP anthu ankadandaula za Alomwe, mu nthawi ya Kongeresi ankadandaula za Achewa a ku Lilongwe. Munthu wa kumudzi akaganiza kuti wakwathu akakhala pa mpando mwina nafenso tidzakumbukiridwa, akuwerenga zimene anaona.

Komanso masamu a malume anakulira m'malamulo akale. Kale wopambana anali amene waposa anzake, ngakhale ndi pang'ono. A Mutharika analowa mu 2014 ndi 36.4, ndipo mu 2019 analengezedwa ndi 38.6, a Chakwera ali pa 35.4. Pa malamulo otero, kusunga chigawo chako n'kupemphera kuti adani ako agawikane kunali kokwanira. Chigamulo cha majaji asanu cha pa 3 Febuluwale 2020, chimene khoti la Supreme linachivomereza mu Meyi, chinasintha zimenezo. Pano uyenera kupitirira theka, ndipo palibe chigawo kapena mtundu umene uli ndi theka. Achewa, amene ndi ochuluka koposa, ndi 34 pa 100 alionse, Alomwe 19, Ayao 13. Amene amapereka mpando tsopano ndi anthu amene angathe kusintha maganizo.

Anthu oterowo analipo kale, kungoti sitinkawayang'ana. Mu 2009 Bingu wa Mutharika anapeza 66 pa 100 alionse, kumpoto ndi mbali zina za pakati zomwe, makuponi a feteleza atadzaza nkhokwe zaka zotsatizana. Patangotha zaka ziwiri, mu Julayi 2011, anthu omwewo anali m'misewu chifukwa cha mafuta ndi ndalama zakunja. Amene ankaona izi akanadziwa kuti Mmalawi amatha kukweza munthu ndi kumutsitsa posayang'ana kumene anabadwira.

Azimayinso si thumba limodzi

Pali msampha wina umene ndaona anzanga ena akugweramo pa Facebook chisankho chitatha. Akuti azimayi ndi amene anachotsa boma, azimayi alankhula. Zimamveka zokoma kwa ife, koma ndi kaganizidwe komwe kaja ka malume, kangosintha malaya. Pepala lovotera sililemba kuti wachonga ndi mkazi kapena mwamuna, Mtumbuka kapena Msena. Zotsatira zimabwera potengera malo ovotera, ndipo pa malo aliwonse pamavota anthu osiyanasiyana. Pa mafuwa paja panali azimayi osakwana khumi, a mudzi umodzi, mtundu umodzi, ambiri a mpingo umodzi, koma panatuluka maganizo anayi osiyana. Ndipo azimayi akanakhala kuti amavota ngati gulu, mayi Joyce Banda, mkazi yekhayo mwa opikisana 17, amene analamulirapo dziko lino, sakanathera pansi pa 2.

Chimene ndikukana ine ndi kutenga anthu ngati matumba a chimanga pa sikelo, kuti ili la pakati, ili la achinyamata, ili la azimayi, kenako n'kuphatikiza. Kuwerenga anthu si kulakwa. Kafukufuku amene msuweni anawerenga pa foni analoza mbali yoona, ndipo analoza bwino chifukwa ochita kafukufukuwo anapita m'midzi kukafunsa anthu mmodzimmodzi, akazi ndi amuna. Malume anaseka kuti iwo sanafunsidwe, koma kusiyana kwake n'kwakuti a kafukufuku anafunsako wina, pamene pa moto paja palibe anadzuka kuyenda mapazi makumi awiri kupita kuseri kwa nyumba.

Kuchokera nthawi imeneyo, nkhani zotere ndimazimvera mwina. Ku sukulu kumene ndimaphunzitsa, mu ofesi ya aphunzitsi, ayamba kale kukonza 2030: uyu akaima ndi wakumpoto atenga, uyu alibe chigawo, UTM yatha, Kongeresi ikufunika wakumwera. Wina akanena kuti boma lakuti ndi la uje, ndimafunsa kuti mwamva kwa ndani wa kumeneko, ndipo anati chifukwa chake n'chiyani. Kawirikawiri yankho limakhala lakuti zimadziwika. Ku banki m'khonde yathu Loweruka ndi kumene ndimamva zenizeni, ngakhale kuti dzina la chipani silitchulidwa kawirikawiri. Amayi amanena kuti thumba la makala lafika pati, ndani walephera kubweza ngongole, ndani wachotsa mwana ku sukulu yolipira. Miyezi ingapo chisankho chisanafike, theka la gulu lathu linali litasiya kuponya masheya, aliyense akungobwereka. Boma latsopanoli nalonso likuwerengedwa pa mkeka womwewo kuyambira tsiku limene linalumbira, pa 4 Okutobala.

Amene sanalowe n'komwe m'masamu

Mnyamata wa ku koleji uja sanalakwe ponena kuti dziko lino ndi la ana. Analakwa poganiza kuti achinyamata onse ndi amene amawaona pa foni yake. Kalembera yemweyo wa 2018 anati anthu 84 pa 100 alionse amakhala kumudzi. Mtsikana wa mwana kumbuyo uja ndi wachinyamata. Anyamata a kabaza pa Benga, amene ankagona pa mzere wa petulo kapena kumugula m'mabotolo pa mtengo wowirikiza, ndi achinyamata. Anyamata opalasa bwato usiku kusaka usipa ndi achinyamata. Ambiri a iwo ankamukonda Chilima, ena analira ndithu tsiku limene anaikidwa ku Nsipe. Koma chikondi cha pa munthu sichisamukira kwa wina chifukwa choti wavala malaya ofiira omwewo. Amene ndinacheza nawo, funso lawo linali limodzi: ndani angathe kuchotsa amene alipoyu, kapena ndani angathe kutchinga amene akubwerayo. A Kabambe, ngakhale anali mkulu wa Reserve Bank ndipo za chuma amazilongosola bwino, sanali yankho la funso limenelo.

Koma pali gulu lina limene pa moto uliwonse usiku uja silinatchulidwe. Anthu amene ankayembekezeka kukhala ndi zaka zovotera anali pafupifupi 10.9 miliyoni. Analembetsa ndi 7.2 miliyoni. Otsalawo, opitirira 3 miliyoni ndi theka, ndi ochuluka kuposa mavoti onse amene wopambana anapeza. M'mudzi mwathu ndikutha kuwatchula. Ena analibe chiphaso cha unzika ndipo anatopa n'kuyendera. Ena nthawi ya kalembera anali ku maganyu m'minda ya fodya ku Kasungu kapena ku nyanja. Ena anangoti palibe chimene chisinthe, monga mayi wamasiye uja, koma iwo ali ndi zaka 22.

Ndipo pali amene anachoka. Mlongo wanga wamng'ono anapita ku Joni mu 2022, ntchito 1 miliyoni zimene a Tonse analonjeza zija atazidikira mpaka kutopa. Amagwira ntchito ya m'munda wa maluwa pa nyumba ina ku Johannesburg, amagona chipinda chimodzi ndi anyamata ena atatu a ku Nkhotakota ndi ku Mangochi. Bokosi la agogo anagula ndi iye, ufa ndi nyemba za adzukulu zomwe. Feteleza wa mayi chaka chino watumizanso ndi iye. Nkhani za chisankho ankazitsata kuposa ine, usiku wa zotsatira ankandiimbira ola lililonse kufunsa za Nkhotakota. Malamulo athu salola munthu kuvotera kunja kwa dziko, ayenera kubwera kudzalembetsa kenako kubweranso kudzavota, ndipo ndalama ya basi maulendo awiri ndi ya feteleza yomweyo. Anasankha feteleza.